Bodza Likupha Abale Athu: Kalata ya Abusa kwa Akhristu ndi Onse Akufuna Kwabwino

Okondedwa athu mwa Ambuye,

Tikukulemberani ndi chisoni chachikulu chifukwa cha mabodza amene akufala pa mafoni, pa WhatsApp ndi pa Facebook, n'kusiya maliro m'midzi mwathu.

Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inasautsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa popanda wofunsa mbali yawo. Mu Meyi 2021 dziko lathu linatentha katemera wa COVID-19 pafupifupi 20,000 atatha mphamvu, ambiri akumuopa kaamba ka nkhani zabodza. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, azaumoyo ena anachitidwa chipongwe powanamizira kuti akufalitsa matendawa. Taonanso amayi a m'mipingo yathu akulira, ndalama za banki m'khonde zitapita ndi akathyali otumiza mauthenga achinyengo.

Mulungu amaletsa umboni wonama (Eksodo 20:16), ndipo mneneri Hoseya anachenjeza kuti kusadziwa kumawononga mtundu wa anthu (Hoseya 4:6).

Inu atsogoleri a boma, mwachitapo chiyani? Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, koma wofunsa m'maofesi amangouzidwa kuti abwere mawa. Boma likakhala duu, mphekesera ndiyo imayankha. Lamulo la 2016 la za pa intaneti mwaligwiritsa ntchito pomanga atolankhani ndi okudzudzulani, pamene andale ena amalipira achinyamata kuti azifalitsa zonama nthawi ya kampeni. Unyolo suphunzitsa munthu kusiyanitsa choona ndi chonama.

Tikupempha Unduna wa Zamaphunziro kuti luso lopima nkhani liziphunzitsidwa kuyambira ku pulayimale, pakuti m'mera m'poyamba. MACRA ithandize mawayilesi a m'madera kuphunzitsa anthu m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi zilankhulo zina.

Inu Akhristu anzathu, musanatumize uthenga dzifunseni: wachokera kwa yani, ndipo upweteka ndani? Alaliki asasandutse guwa kukhala malo ofalitsira mantha. M'miphakati ndi m'milaga, kambiranani za izi, yenderani mabanja amene anaferedwa, ndipo onamizira anzawo apepese poyera.

Tipempherere atsogoleri athu kuti akonde choonadi ngakhale chikawawa. Ambuye akudalitseni ndi kukusungani.

Ife abusa anu mwa Khristu.