Masewero a akazitape asatiiwalitse amene anafadi

Alipo ambiri pakati pathu amene amatamanda masewero a pa TV onena za akazitape a nthawi ya mkangano wa America ndi Soviet Union, n'kumati ndi zongosangalatsa basi. Ine ndikutsutsa. Masewerowa akuphunzitsa mbiri kwa anthu amene sadzatsegula buku la mbiri, ndipo akuiphunzitsa mopotoza. Bomba la nyukiliya alisandutsa zokometsera nkhani, kazitape amusandutsa mpulumutsi, ndipo anthu amene anafadi pa mkanganowo awakankhira kuseri kwa chitseko.

Tiyambe ndi masewero amene anapangidwa mantha ali pachimake. Pa 20 November 1983, wailesi yakanema ya ABC inaonetsa The Day After, ndipo anthu pafupifupi 100 miliyoni a ku America anaonera. Nkhani yake ndi ya madokotala, alimi ndi ophunzira a ku Lawrence, m'chigawo cha Kansas, mabomba atagwa. Pulezidenti Ronald Reagan analionera lisanatuluke, ndipo analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti linamusiya wokhumudwa kwambiri. Chaka chotsatira BBC inaonetsa Threads, lolembedwa ndi Barry Hines, lonena za mabanja awiri a ku Sheffield. M'menemo mulibe ngwazi. Muli kupsa, njala, chisanu, ndi ana okula osatha kulankhula bwino. Woonera ankadziona yekha ali pansi pa bomba.

Tsopano taonani masewero a m'badwo uno. The Americans, lomwe linaonetsedwa kuyambira 2013 mpaka 2018, linayambitsidwa ndi Joe Weisberg, amene anagwirapo ntchito ku CIA. Limatsata Philip ndi Elizabeth Jennings, akazitape a KGB okhala ngati banja wamba pafupi ndi Washington, moyandikana ndi wapolisi wa FBI. Deutschland 83, la mu 2015, limatsata Martin Rauch, msilikali wachinyamata wa ku East Germany wotumizidwa kukazonda asilikali a ku West Germany. Pamapeto pake ndi iye amene amathamanga kukatsimikizira akuluakulu ake kuti Able Archer, zoyeserera nkhondo za NATO za mu November 1983, si nkhondo yeniyeni. Kamera yachoka pa munthu woti afe, yapita pa munthu wovala tsitsi lachinyengo wonyamula zinsinsi. Woonera sakunjenjemeranso, akungosirira.

Wina ati, kodi akazitape sanathandize? Anathandiza ndithu. Oleg Gordievsky wa KGB ankauza Britain kuti atsogoleri a ku Moscow akuopadi kuti aukiridwa modzidzimutsa, ndipo uthengawo unafika kwa Margaret Thatcher ndi Reagan. Koma tisaiwale zina. Pa 26 September 1983, makina a Soviet Union anaonetsa molakwika kuti mizinga ya America ikubwera. Stanislav Petrov, msilikali amene anali pa ntchito usiku umenewo, anakana kuwakhulupirira. Sanali kazitape, ndipo kupezeka kwake pampando umenewo unali mwayi chabe. Mu June 1982, khamu la anthu pafupifupi 1 miliyoni linasonkhana ku New York kukana zida zimenezi. Amayi a ku Greenham Common anagona m'misasa zaka zambiri pachipata cha malo osungira mizinga. Mu December 1987, Reagan ndi Mikhail Gorbachev anasaina pangano la INF lochotsa mizinga youluka mtunda wapakati. Sewero lomwe lapereka ulemu wonse kwa kazitape mmodzi likutiuza kuti tigone, aliko ochenjera amene akutilondera. Limeneli ndi bodza loopsa.

Bodza lalikulu kuposa lili m'dzina limene azungu anapatsa nyengoyi, lakuti Cold War, ati nkhondo yozizira. Inazizira kwa yani? Njovu ziwiri zikamamenyana umavutika ndi udzu. Miyala ya uranium yambiri yopangira bomba la ku Hiroshima inakumbidwa ku Shinkolobwe, ku Congo. Patrice Lumumba anaphedwa mu January 1961, CIA itakonzapo kale chiwembu chofuna kumupatsa poizoni. Ku Cuito Cuanavale, ku Angola, mu 1987 ndi 1988, asilikali a boma othandizidwa ndi Cuba ndi Soviet Union anamenyana ndi UNITA ndi asilikali a South Africa. Nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni ku Malawi, ndipo a ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu akukumbukira misasa yawo. Boma la tsankho la ku Pretoria linapanga mabomba 6 a nyukiliya mwachinsinsi, ndipo F. W. de Klerk anavomereza zimenezi mu March 1993. Ngakhale wofuna nkhani ya kazitape sangasowe kuno. Dieter Gerhardt, mkulu wa malo a sitima zankhondo ku Simon's Town, ankapereka zinsinsi ku Moscow kwa zaka pafupifupi 20 mpaka anagwidwa mu 1983.

Ndikudziwa kuti The Americans inakhudzako za ANC, ndipo Deutschland 86 inafika ku Cape Town ndi ku Angola. Koma munthu wakuda m'masewerowa amangolowa kuti nkhani ya mzungu iyende, kenako n'kuzimiririka. Ndikuvomerezanso kuti The Americans inalembedwa mwaluso, ndipo imaonetsa mmene bodza limadyera banja ngati chiswe. Komatu lusolo ndi limene likuchititsa kuti tizimeza osatafuna. Timatha maola tikudera nkhawa ukwati wa Philip ndi Elizabeth, pamene anthu osalakwa amene iwo apha timawaiwala gawo lisanathe.

Zimenezi si zakale. Dziko lapansi likadali ndi mabomba a nyukiliya pafupifupi 12,000, ambiri mwa iwo ali m'manja mwa America ndi Russia. Pangano la INF linafa mu 2019. Mayiko a mu Africa anakana zida zimenezi kudzera m'pangano la Pelindaba la mu 1996, koma utsi wa mizinda yopsa ukaphimba dzuwa, chimanga cha ku Kasungu, Chipata ndi Angónia sichidzafunsa kuti anasaina ndani.

Choncho sindikunena kuti muzimitse TV. Onerani, koma muzifunsa kuti amene wafa m'chithunzicho ndani, ndipo n'chifukwa chiyani sanapatsidwe dzina. Amene mwaonera The Americans, funafunaninso Threads, muonere limodzi ndi ana anu osinkhukirapo. Ndipo olemba masewero athu a ku Lilongwe, Lusaka, Tete ndi Harare afunse agogo amene anathawa nkhondo ija akadali moyo, pakuti nkhani zawo palibe wa ku Hollywood amene adzatilembere.