Agogo olera amasiye aziphunzitsa nawo ogwira nchito za Acção Social

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, lero tikambe za anthu amene timakumana nawo pa nkhani za ana amasiye ndi ana olumala: ogwira nchito za Acção Social. Ndiwo amayendera mabanja ovutika ndi kuona amene ayenera kulandira Subsídio Social Básico ya ku INAS. Ine ndikuti pamene akuphunzira nchitoyi, ena mwa aphunzitsi awo azikhala anthu omwewo amene adzawathandize.

Ku England zimenezi zidayamba mu 2003. Boma lidalamula kuti yunivesite iliyonse yophunzitsa nchitoyi iziitana olandira thandizo pamodzi ndi owasamalira. Amakhalapo posankha ophunzira, pokonza maphunziro, pophunzitsa, ngakhale poona ngati wophunzira wakhoza. Boma lidaikaponso ndalama zoyendetsera zimenezi.

Cifukwa cake n'cosavuta. Buku limanena kuti khunyu ndi matenda a mu ubongo. Koma mayi wa mwana wakhunyu ndiye adziwa mantha a kumusiya pafupi ndi moto kapena pacitsime. Agogo olera zidzukulu adziwa mmene kandalama ka subsídio kamathera pa ufa, sopo ndi makope. Munthu wosaona adziwa kuwawa kwake pamene wa mu ofesi akufunsa womuperekeza m'malo mofunsa iye mwini. Wophunzira akamva izi asanalandire diploma, akafika pakhomo pa munthu amayamba wamvetsera asanatulutse pepala.

Palinso nkhani ya cilankhulo. Maphunzirowa amacitika m'Cipwitikizi, pomwe agogo a ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Lago amafotokoza mavuto awo m'Cinyanja. Akaitanidwa, alankhule cilankhulo cawo, womasulira akhalepo. Wogontha abwere ndi cilankhulo ca manja. Wophunzira alawe yekha kuvuta kwa kumva zinthu kudzera mwa wina, monga amavutikira agogowo mu ofesi.

Ena anena kuti uku n'kuonetsa umphawi wa anthu ngati sewero. Nkhawayi ndi yoona ngati munthu waitanidwa tsiku limodzi, walira pamaso pa kalasi, n'kubwerera ndi botolo la Fanta. Ndiye pakhale malamulo. Munthu asankhe yekha zoti anene ndi zoti asunge. Alipidwe ngati mphunzitsi, ndi ndalama ya ulendo yomwe. Asankhidwe kudzera m'mabungwe awo, monga FAMOD ndi ACAMO, kuti asamangoitanidwa okhawo odziwa kuthokoza. Ndipo mawu ake awerengedwe popereka mamakisi. Dziko lathu lidavomereza mu 2012 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene limafuna kuti iwo azifunsidwa pa zinthu zowakhudza. Maphunziro a amene adzawatumikire ndi cimodzi mwa zinthuzo.

Ife aphunzitsi tisaziyese za ena. Ku IFP nakonso kholo la mwana wogontha lingaphunzitse zimene mulibe m'mabuku. Ndipo sitifunika kudikira Maputo. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Pa msonkhano wotsatira wa Conselho de Escola, pemphani kuti kholo limodzi lolera mwana wolumala lipatsidwe ola lathunthu, aphunzitsi ndi a Acção Social a m'boma lanu akhale pansi ndi makope, alembe.