Makina Osema Mbendera Alibe Maso

Ku United States, chimodzi mwa zinthu zimene amisiri a matabwa ogwirira ntchito m'magalaja a kunyumba amakonda kupanga ndi mbendera ya dziko lawo. Amaipachika pakhoma m'chipinda chochezera, ena amaipereka ngati mphatso kwa msilikali kapena wozimitsa moto amene akupuma pa ntchito. Ambiri masiku ano amaisema ndi makina otchedwa CNC router, ndipo amene waonera kanema wa makinawa akugoba nyenyezi zofanana ndendende sachedwa kunena kuti umisiri watha, kwangotsala kudina batani. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akhoza kumulowetsa m'ngongole munthu amene angagule makinawa ali ndi chiyembekezo chotere.

Tiyambe ndi makinawo. Ali ndi tebulo pamene amagonekapo thabwa, ndipo pamwamba pake pamayenda injini yaing'ono yozunguza kampeni kachitsulo maulendo apakati pa 10,000 ndi 30,000 pa mphindi imodzi. Injiniyo imayenda njira zitatu: kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo, m'mwamba ndi pansi. Woiyendetsa ndi kompyuta, imene imawerenga mndandanda wa malamulo otchedwa G-code. Lamulo lililonse limangonena poti kampeni kapite, liwiro lake ndi kuya kwake. Nzeru imeneyi si yadzulo. John T. Parsons wa ku Michigan anayamba kugwiritsa ntchito manambala popanga mapiko a helikopita chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo mu 1952 sukulu ya ukachenjede ya MIT inaonetsa makina odula chitsulo owerenga malamulo pa tepi yobooledwa timabowo. Chimene chasintha n'chakuti makina ang'onoang'ono monga Shapeoko ndi X-Carve tsopano amakwana m'galaja, ndipo munthu wamba akhoza kujambula ntchito yake m'pulogalamu monga VCarve.

Mbendera ya America ndi ntchito yabwino kuphunzirirapo chifukwa miyeso yake si yongopeka. Lamulo limene Pulezidenti Dwight Eisenhower anasainira pa 21 Ogasiti 1959 limati m'litali mwa mbendera mukhale maulendo 1.9 a m'lifupi mwake. Mizere ilipo 13, yofiira isanu ndi iwiri, yoyera isanu ndi umodzi. Bwalo la buluu limatsika mizere isanu ndi iwiri, ndipo nyenyezi 50 zimandanda m'mizere isanu ndi inayi, wina wa nyenyezi 6, wotsatira wa 5, mosinthana choncho. Amisiri ambiri amacheka timatabwa 13 ta mainchesi 1.5 m'lifupi n'kutimata ndi guluu, mbendera n'kutuluka ya masentimita pafupifupi 49.5 m'lifupi ndi 94 m'litali. Pa msinkhu umenewu nyenyezi iliyonse imakhala ya masentimita atatu okha.

Apa m'pamene makina amaonetsa mphamvu zake, komanso m'pamene amaonetsa kuti alibe maso. Nyenyezi amazigoba ndi kampeni kosongoka ngati chilembo cha V. Kakalowa kwambiri m'thabwa kamasiya mpata waukulu, kakamakwera mpatawo umaning'a mpaka kuthera pa nsonga yakuthwa ya nyenyezi. Mmisiri amayamba wapaka penti ya buluu, kenako kampeni n'kuchotsa pentiyo pamodzi ndi khungu la thabwa, mtundu woyera wa mtengo n'kuonekera. Koma taganizirani kampeni ka madigiri 90. Kakalowa mopitirira ndi milimita imodzi yokha, mpata umakula ndi mamilimita awiri. Ndiye ngati thabwa lapindika pang'ono, mbali ina lakwera ndi milimita imodzi, nyenyezi za mbali imeneyo zituluka zonenepa, pamene za mbali yotsika zituluka zoonda, nsonga zili zoduka. Makina sadziwa kuti thabwa lapindika. Amakhulupirira kuti pamwamba pa thabwa pali pamene mmisiri anawauza poyamba, ndipo apitiriza kugoba nyenyezi zonse 50 molakwika osaima.

Wosema ndi tchizulo akadaona vutolo pa nyenyezi yoyamba, dzanja n'kudzikonza lokha. Wa makina alibe mwayi umenewo. Zonse zimene mnzake amazidziwa ali mkati mosema, iye ayenera kuzidziwiratu asanayambe: kusalaza thabwa kuti likhale lathyathyathya, kulipana mwamphamvu kuti lisasunthe, kuyeza bwino poyambira kampeni. Tinganene kuti luso lake lonse amalilipiriratu.

Mtengo nawo uli ndi khalidwe lake limene kompyuta silidziwa. Thabwa limafufuma kukakhala chinyezi n'kufota kukauma, makamaka m'lifupi mwake, n'chifukwa chake mbendera yomatidwa ndi matabwa osauma bwino imapindika ngati mbale kapena kung'aluka m'mizere pakapita miyezi. Paini ndi wotsika mtengo komanso wofewa, koma amasiya ubweya m'mphepete mwa nyenyezi, ndipo mtundu wofiira ukhoza kuyenderera m'mitsempha yake mpaka kudetsa mzere woyera. Ena amapewa vutoli popaka kathabwa kalikonse pakokha asanamate. Ena sapaka n'komwe, amangosankha mitengo ya mitundu yosiyana: maple woyera, cherry wofiirira, walnut wakuda. Kwa ife mbendera ya mtundu wachiwiriwu ndiyo yokongola koposa, chifukwa mtundu wake sungakanganuke ngati penti, ndipo imaonetsa kuti mwini wake amaidziwa mitengo.

Pali mbendera ina imene anthu amaikonda kwambiri, yooneka ngati ikupepedwa ndi mphepo. Imeneyi imafuna thabwa lochindikala, ndipo amaisema kawiri. Koyamba, kampeni kakakulu kamachotsa nyama yambiri ya thabwa n'kusiya masitepe. Kachiwiri, kampeni ka nsonga yobulungira kamadutsa mzere ndi mzere kusalaza mafundewo. Tiwerengere limodzi. Kampeni ka mamilimita 6 kakamasuntha mamilimita 0.6 pa mzere uliwonse, kadutsa maulendo 825 kuti kamalize mbendera ya masentimita 49.5 ija, ndipo mtunda wonse upitirira mamita 770. Pa liwiro la mamita 2.5 pa mphindi, amenewo ndi maola oposa asanu. Amene afuna kufulumira n'kutalikitsa mizere apeza timizere totsala pathabwa, ndipo nthawi imene anapulumutsa aibweza ndi sandipepa m'manja.

Maola onsewo mmisiri sachoka. Khutu lake limamva kulira kwa kampeni: kakamalira mokuwa ndiye kuti kakukhula m'malo modula, ndipo kakutentha. Diso lake limayang'ana zimene zikutuluka, chifukwa kampeni kodula bwino kamataya tizipalapasa, osati fumbi lokhalokha. Kampeni kotentha pakati pa utuchi wouma kakhoza kuyatsa moto. Fumbilo palokha si lamasewera. Mu 1995 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, makamaka ya m'mphuno. Chokokera fumbi, chophimba kumphuno, magalasi ndi zotseka m'makutu ziyenera kuwerengeredwa pa mtengo wa makina.

N'chifukwa chiyani nkhani ya m'magalaja a ku America ikutikhudza? Chifukwa ife Amalawi ndife mtundu wa anthu osema. Ku Mua, malo a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976 aphunzitsa osema ambiri, ndipo m'misika yathu muli ziboliboli ndi mipando yosemedwa ndi manja. Nkhawa yoti makina adzalanda anthu amenewa chakudya pakamwa ndi yomveka, ndipo sitikuipeputsa. Pa ntchito yobwerezabwereza, monga zikwangwani, zilembo kapena malawi 31 a dzuwa la pa mbendera ya Malawi, dzanja silingapikisane ndi makina pa kufanana ndi pa mtengo. Koma router wa njira zitatu uja amangofika pamene kampeni kangatsike kuchokera pamwamba. Sangalowe kunsi kwa chibwano cha chiboliboli kapena kuzungulira kuseri kwa mkono, ndipo sangaone mfundo m'thabwa n'kuisandutsa mbali ya chithunzi. Komanso, monga taonera, amene angawayendetse bwino ndi amene amadziwa kale kusiyana kwa mlombwa ndi mbawa, amene akagwira thabwa amadziwa ngati lauma kapena ayi. Wachinyamata wodziwa kompyuta yekha, popanda mmisiri wotere pambali, angowononga matabwa mwaliwiro.

Palinso za magetsi. Akazima ntchito ya maola asanu ili pakati, makina ang'onoang'ono ambiri amaiwala pamene anali, ndipo ngati mmisiri sanasunge poyambira pake, thabwa lonse likhoza kupita ku nkhuni.

Choncho pempho lathu likupita kwa oyendetsa sukulu za ntchito zamanja: makinawa akafika, musawatsekere m'chipinda cha makompyuta. Aikeni m'shopu ya ukalipentala, ndipo aphunzitsi a matabwa akhale oyamba kuphunzitsidwa. Inunso amene mukusunga ndalama kuti mugule anu, yambani mwaphunzira kuumitsa thabwa, kulipala ndi kulimata mpaka likhale lowongoka, kenako mukagule makinawo.