Mfuti ya masewera si ya a kumayadi okha

Mu 2024 tonse tinaona Yusuf Dikeç wa ku Turkey pa mafoni athu, dzanja limodzi m'thumba, akuwina mendulo ya siliva ku Paris. Tinaseka, tinatumizirana chithunzi, basi. Palibe anafunsa chimene chiletsa mwana wa mu Mtendere kukaima pamalo paja.

Titakamba nkhaniyi pa wailesi, makolo ena anatuma foni atakwiya, ati tifuna kuphunzitsa majanki kuwombera. Mantha awo tiwamva, koma alasa polakwika. Mfuti ya Dikeç ilibe wonga. Iponya kachipolopolo ka mamilimita 4.5 ndi mpweya chabe, pa mtunda wa mamita 10. Pa mpikisano wa munthu payekha uwombera ka 60 m'mphindi 75, ndipo kabwalo kapakati ndi mamilimita 11.5. Wakumwa kachasu kapena wamtima wapachala sangalase pamenepo, dzanja limunjenjemera.

Mfuti za wonga, zofuna laisensi ndi zipolopolo zodula, zikhale za a ku Kabulonga. Ife tipempha zochepa: chipinda chimodzi, mphunzitsi, ndi mfuti zampweya zokhomeredwa m'kabati masewera akatha. Anyamata ogwetsa mpheta ndi legeni diso ali nalo kale.

Kuchokera pa siliva ya Samuel Matete mu 1996, tinadikira zaka 28 kuti Muzala Samukonga abweretse mendulo ina ya Olympics. A National Olympic Committee of Zambia, tiyambire ku OYDC. Ana tidzabwera nawo tokha pa minibasi.