CDF yakwera, nanga bwalo la amai a pa msika lili kuti?

Amai ndi atate athu a pa Soweto, City Market, Matero na Chawama,

Lelo tikambe za thupi lanu. Mumauka 04:00 kukaoda tomato, munkhala pa ka stool mpaka mdima, levy mulipila tsiku lililonse. Miyendo itupa, msana ubaba, BP na shuga vabwela. Ku clinic akuuzani kuti muzichitako exercise. Manje muzachitila kuti? Gym ili ku mall, mtengo wake mwezi umodzi ungadye capital yanu. Ma play park ambili a mu komboni anasanduka ma plot, ma bar na ma car wash.

Alongo ao a amai anga anagulitsa kapenta zaka zambili. Stroke inabagwetsa pa stand pamenepo. Lelo ali pa wheelchair. Anauzidwa kuti azilimbitsa mwendo tsiku na tsiku, koma pakhomo pali ngalande, mu mseu muli matope, ndipo minibus ikaona wheelchair ipitilila chabe. Kulemala sikusankha. Amene aseka lelo, mailo angakhale pa mpando umenewo.

Lamulo lilipo kale. Persons with Disabilities Act ya 2012 ikamba kuti malo a anthu onse akhale ofikilika kwa olemala. Zaka zapitilila khumi, ma stairs akali pamenepo.

Ndalama nazo zilipo. Boma imadzitama kuti CDF inachoka pa K1.6 million kufika pa K25.7 million mu 2022, ndipo mu 2025 inafika K36.1 million pa constituency iliyonse. Chabwino, tamva. Nanga bwalo yokhala na ramp na toilet ya munthu wa wheelchair mu ward yanu ili kuti? Heroes Stadium inatsegulidwa mu 2014, koma anthu ambili a mu komboni anailoba mu January 2024 atanyamulidwa na kolela.

Azakamba ati anthu afuna bunga, masewela ni va anthu olemela. Afunseni kuti mai akagwa na stroke, bunga uzagula ndani? Ana azalipilila ndani va ku sukulu?

Sitipempha swimming pool. Tifuna malo osalala pafupi na msika, ya mpanda, ya malaiti, ya ramp na toilet, yolobamo mahala. Amai achite aerobics akavala ma stand, ana achaye bola, olemala nao asewele basketball yao.

Ma project ya CDF ayambila ku Ward Development Committee. Ba chairlady ba misika, lembani pempho, mukasiye kumeneko, musunge copy. Councillor na MP akabwela na vitenge, muonetseni pepala ija, mumufunse kuti ramp izamangidwa liti. Ise a youth tizakupelekezani ku ofesi.

Lembani dzina la ward yanu mu ma comment, mutiuze ngati muli bwalo yamene wheelchair ingalobe.

Mlembi wa a Youth