Galimoto ya kachewere siyofunika klatchi ya mpikisano

Eni magalimoto m'maboma a Angónia ndi Tsangano ayenera kuchenjera ndi malangizo amene afala masiku ano pakati pa anyamata a m'magalaji, onena kuti klatchi ikatha, munthu agule yolimba ya mpikisano ndiponso achotse flywheel yolemera imene inabwera ndi galimoto n'kuikamo yopepuka. Malangizowa amabwera ndi anyamata ochokera ku Joni komanso oonera mafilimu a pa lamya, ndipo amamveka okoma kwa munthu amene watopa ndi kusintha klatchi chaka ndi chaka. Koma galimoto zimene akuzinena m'mafilimumo zimathamanga pa tala, zopanda katundu, muli munthu mmodzi. Hilux ya mlimi wa ku Dómuè imanyamuka m'matope, pa chitunda, itasenza matumba a kachewere, pamwamba pali anthu ndi nkhuku zawo.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, munthu angoyang'ana chigayo cha dizilo cha m'mudzi. Pambali pa injini yake pamakhala gudumu lachitsulo lolemera kwambiri. Injini imaphulitsa mafuta kamodzi, kenaka gudumulo ndi limene limapitiriza kuizungulitsa kufikira kuphulika kotsatira, ndipo chimanga chikathiridwa chambiri injini siizima chifukwa gudumulo lasunga mphamvu. Flywheel ya galimoto, imene amakaniko a ku Tete amaitcha volante, imagwira ntchito yomweyo. Imakhala kumbuyo kwa injini, ndipo klatchi imaluma pa nkhope yake kuti mphamvu ipite ku giyabokosi. Palibe mwini chigayo amene angalole munthu kumuseta gudumu lake kuti lipepuke, koma mwini galimoto akulola.

Chilungamo chake, flywheel yopepuka ili ndi ubwino wake. Injini imakwera msanga dalaivala akaponda mafuta, imatsikanso msanga, ndipo wothamangitsa galimoto pa bwalo la mpikisano amasintha magiya mofulumira. Koma siiwonjezera mphamvu ya injini ngakhale pang'ono. Chimene imachita ndi kuchepetsa mphamvu yosungidwa ija, ndiye pamene galimoto yolemera ikufuna kunyamuka pa chitunda, injini imafooka n'kuzima. Dalaivala akaona zimenezi amaonjezera mafuta n'kumasula klatchi pang'onopang'ono, ndipo kuteroko ndiye kuotcha klatchi kumene. Munthu amene anathawa kusintha klatchi chaka ndi chaka amapezeka akuisintha msanga kuposa kale. Pa injini ya dizilo vuto limakula, popeza kuphulika kwake n'kwamphamvu, ndipo chitsulo chikapepuka kunjenjemera konse kumalowa m'giyabokosi, imene imayamba kulira ngati muli miyala galimoto ikaima.

Klatchi ya mpikisano nayonso ili ndi khalidwe lake. Disiko yake siikhala yozungulira yonse, imakhala ndi timapazi tinayi kapena tisanu ndi kamodzi tokutidwa ndi zinthu zolimba ngati mwala, ndipo ina ilibe masipuling'i pakati. Imapirira kutentha, zimenezo n'zoona, koma siidziwa kugwira pang'onopang'ono. Imangoti gwi! nthawi imodzi. Galimoto imadumpha ponyamuka, matayala amakumba dothi m'malo mogwira, ndipo kugunda kumeneko kumakathera pa magiya ndi pa difu. Imadyanso nkhope ya flywheel. Chapa imene imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, kuyambira Ulónguè mpaka Calómuè, imanyamuka kambirimbiri pa ulendo umodzi, ndipo mwendo wa dalaivala ndi misana ya okwera ndi zimene zimalipira.

Ena amati klatchi ya ku fakitale ndi yofooka, umboni wake ndi wakuti imapsa msanga. Apa mpofunika kunena zoona ngakhale zili zowawa. Galimoto yopangidwira tani imodzi ikasenzetsedwa matani awiri, palibe klatchi imene ingakhalitse. Chimodzimodzinso dalaivala amene amatsamiritsa phazi pa klatchi ulendo wonse, kapena amene amaimika galimoto pa chitunda ndi klatchi m'malo mokoka buleki ya pamanja, kapena wonyamuka ndi giya yachiwiri chifukwa cha ulesi. Fungo la kupsa limene limamveka m'zitunda za pakati pa Mussacama ndi Ulónguè nthawi zambiri limachokera ku katundu ndi phazi. Mwini galimoto amene sapita nawo pa ulendo amangoimba mlandu chitsulo.

Kwa amene galimoto yake imanyamuladi katundu tsiku ndi tsiku, ilipo njira yapakati. Makampani ena amapanga klatchi ya ntchito yolemera, ya disiko yozungulira yonse, ya masipuling'i ake, koma puleti yopanikiza, imene ena amati prensa, imakhala yamphamvu pang'ono kuposa ya masiku onse. Imeneyi imagwirabe mofatsa. Imaumitsa pedulo pang'ono, choncho masilinda a mafuta a klatchi ngati ali okalamba amayamba kudontha, ndipo ndi bwino kuwaona nthawi yomweyo.

Pogula, dzina la galimoto lokha silokwanira. Hilux inatuluka ndi injini zosiyanasiyana, monga 2L, 3L, 5L ndi 2KD, ndipo si zonse zimene zimagwiritsa klatchi imodzi. Wopita kukagula ku Tete, ku Dedza kapena ku Lilongwe atenge disiko yakale m'thumba pamodzi ndi nambala ya chasisi, akayerekeze kukula kwake ndi kuwerenga mano a pakati, chifukwa chitsulo chogulidwa kutsidya kwa malire n'chovuta kubweza. Mayina monga Aisin ndi Exedy a ku Japan, Valeo ya ku France, LuK ndi Sachs a ku Germany ndi a makampani amene amapangira mafakitale a magalimoto enieniwo. Koma bokosi ndi pepala chabe, aliyense angathe kulisindikiza. Chitsulo chonamizira chimaoneka pa misomali yomangira yosalingana, pa masipuling'i ogwedera, ndiponso pa mtengo wotsika modabwitsa. Wogulitsa wokana kulemba lisiti wanena kale zimene zili m'bokosimo.

Cholakwika china chofala ndi kugula disiko yokha pofuna kupulumutsa meticais. Kusintha klatchi kumafuna kutsitsa giyabokosi yonse, ntchito ya tsiku lathunthu kwa makaniko wa pansi pa mtengo, ndipo kulipira ntchito imeneyi kawiri chifukwa cha beringi yotha ndi kutaya ndalama. Disiko, puleti ndi beringi zisinthidwe pamodzi. Giyabokosi ili pansi choncho, makaniko ayang'ane mphira wotseka oyilo kumbuyo kwa injini, popeza oyilo akadonthera pa disiko yatsopano imayamba kuterera ngati yakale. Ayang'anenso nkhope ya flywheel: ikakhala ndi mizere kapena mawanga obiriwira a moto ipite ku makina akaisalaze, ikakhala ndi ming'alu yakuya itayidwe. Fumbi la m'klatchi lisauziridwe ndi pakamwa kapena ndi mpope, chifukwa zina zakale zinkapangidwa ndi asibesitosi amene amawononga mapapo.

Pali magalimoto ena atsopano a dizilo amene flywheel yake ndi ya zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i, mtundu umene kampani ya LuK inayamba kupanga mu 1985. Imeneyi ikatha siisalazidwa ngati inzake, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Mwini wake akasankha kuikamo ya chitsulo chimodzi sangadzudzulidwe, malinga agule yolemera mokwanira, yobwera pamodzi ndi disiko yake ya masipuling'i, ndipo avomereze kuti giyabokosi idzamveka phokoso kuposa kale. Zimenezi n'zosiyana ndi kugula yopepuka pofuna kuti injini izilira mokoma pa msika wa Biri-Biri.

M'midzi yambiri ya m'malire galimoto imodzi ndiyo imatenga kachewere ndi kabichi kupita ku msika, ndiyo imabweretsa feteleza, ndiyonso imadzutsidwa usiku mayi akavutika pobereka kuti imuthamangitsire ku chipatala cha ku Ulónguè. Ikafera pa chitunda, matumba amakhala padzuwa masiku awiri kudikira chitsulo chochokera ku Tete, ndipo alimi amene anakweza katundu wawo sabwezeredwa kanthu. N'chifukwa chake kusankha klatchi sikungasiyidwe m'manja mwa mnyamata wokonda liwiro, ngakhale atakhala mphwake wa mwini galimoto.

Klatchi yatsopano ikaikidwa imafuna makilomita ngati 500 oyenda mofatsa, popanda kudzaza katundu, kuti disiko ikhazikike bwino pa flywheel. Amene klatchi yake yayamba kale kuterera pa giya yachinayi achite ntchitoyi mu Okutobala kapena Novembala, misewu ya ku Tsangano ndi ku Dómuè isanasanduke matope.