Tiphunzire Kusema Ziboliboli Zoonera M'manja

M'matchalitchi mwathu ambiri, zithunzi 14 za Njira ya Mtanda zimapachikidwa pamwamba pomwe dzanja silifika. Nanga Mkhristu wosaona apindula nazo chiyani? Ine ndikuona kuti pa phunziro lathu la zaluso, ife aseminale tiziphunzitsidwanso kuumba ndi kusema zinthu zoti munthu azimve pozikhudza.

Kukhudza si chinthu chachilendo mu Mpingo. Ambuye Yesu adauza Tomasi kuti akhudze mabala awo. Pa Lachisanu Loyera timapsompsona mtanda. Ku Roma, m'tchalitchi cha Petulo Woyera, phazi la chiboliboli cha mkuwa cha mtumwiyu lidaperepeseka chifukwa cha manja a amwendamnjira. M'zaka za m'ma 1600, Giovanni Gonnelli wa ku Italy adaumba nkhope ya Papa Urban VIII ali wosaona. Zala zake ndizo zidali maso ake.

Phunziroli silifuna ndalama zambiri. Dongo lili kudambo. Mphunzitsi atimange nsalu kumaso, tipapase nkhope ya mnzathu, kenaka tiiumbe. Pamenepo tidzazindikira kuti utoto suuza chala kanthu. Chala chimamva kuya kwa mzere, kusalala ndi kukhakhala. Tsono posema mtengo wa m'bawa, minga ya chisoti ikhale yotumphuka bwino koma yosabaya, nkhope ikhale yosalala, mtanda ukhale wokhakhala. Chosemacho chisakule kuposa pomwe mikono iwiri ingafike, popeza wosaona amayamba ndi kachigawo kamodzi, n'kumalumikiza zonse m'mutu mwake.

Akatswiri otithandiza alipo. Ku Mua kuli Kungoni, malo a zaluso omwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Ku Nguludi, koleji ya Montfort imaphunzitsa aphunzitsi a ana osaona. Ndipo woyesa ntchito yathu akhale munthu wosaona mwiniwake. Akalephera kuzindikira chomwe tasema, talephera ndife.

Ena adzati manja adzadetsa zinthu zoyera. Koma litsiro limachoka ndi nsalu, pamene Mkhristu womva kuti tchalitchi si chake amangoleka kubwera.

Anzanga, mawa lino ena a ife tidzakhala ansembe m'maparishi. Bambo Rekitala ndi aphunzitsi athu atilole tiyambe ndi malo amodzi okha a Njira ya Mtanda, tiwaike pamsinkhu wa chifuwa cha munthu.